Kukula kwa Sikirini Si Ndiko Kuoneka Bwino: Funsani Manambala Musanalipire

KOMITI ya parishi ina muno mu Lusaka, imene sitidzaichula dzina, inasonkha ndalama kwa miyezi ingapo kuti igule kompyuta ya mu ofesi. Azimai a m'magulu anapereka, acinyamata anatsuka magalimoto, ndipo ena anagulitsa nkhuku. Colinga cinali cabwino: kusamutsa maina a ubatizo, ulimbitso ndi ukwati kucoka m'mabuku akale amene njenjete ndi cinyezi zinali zitayamba kudya.

Atafika mu tauni, anagula bokosi la kompyuta la salaula. Pa nkhani ya sikirini, onse anagwirizana kuti popeza alembi a parishi ndi acikulire ndipo maso ao ayamba kufooka, afunika sikirini yaikulu koposa. Motero anasiya mamonita onse amene anali pa shelefu natenga TV ya mainchi 32. Inalowa pa geti ya chalichi ndi nthungululu.

Patapita sabata imodzi alembi aja anali kudandaula. Zilembo zinali zazikulu ndithu, koma m'mbali mwake zinali zophwanyika ngati zolembedwa ndi choko pa khoma losapaka pulasita. Akakhala ola limodzi, mutu unali kuwawa ndipo khosi linali kutopa ndi kuceuka uku ndi uku. Masiku obadwa ena analowa molakwika. Lero TV ija iri mu holo, acinyamata aonerapo mpira, ndipo komiti inayambanso kusonkha.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Talemba nkhaniyi kuti mpingo wina, sukulu ina ya m'komboni kapena kopaletivu ina ya alimi isatayenso ndalama mwa njira yomweyi.

Kompyuta yafika m'komboni

Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mwa ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia. Masiku amenewo kompyuta inali ya m'maofesi akuluakulu, ndipo zaka za m'ma 2000 munthu wa ku Chawama anali kukwera minibasi kupita ku Cairo Road kukalipira mphindi zowerengeka mu internet cafe. Lero mukayenda m'misika ya Kanyama, Matero, Mtendere, Kalingalinga kapena George, mupeza tuntemba tolemberamo makalata ofunsira nchito, mapulogalamu a maliro, makhadi a ukwati ndi mapepala a ku ZRA ndi NAPSA.

Ana athu aphunzira makompyuta ku sukulu. Makolo ambiri akumbukira November wa 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a phunziroli, ndipo m'masukulu ena anawerukira usiku cifukwa makompyuta anali ocepa. Alimi naonso sanatsale. Kuyambira pamene boma linayesa e-voucher m'maboma 13 mu nyengo ya 2015/16, dzina la mlimi wofuna feteleza wa FISP liyenera kukhala lolembedwa bwino m'makompyuta.

Makompyuta ambiri amene tigula ndi ogwirapo kale nchito m'maofesi a kunja kapena a muno. Pogula timafunsa za liwiro, za RAM ndi kukula kwa hard disk. Za sikirini timangofunsa funso limodzi: ndi mainchi angati? Koma sikirini ndiyo mbali yokha ya kompyuta imene maso athu akhalapo tsiku lonse, ndipo iri ndi manambala awiri, osati imodzi.

Manambala awiri

Nambala yoyamba ndi kukula. Sikirini amaipima mopingasa, kucokera pa kona ya pansi kufika pa kona ya pamwamba ya mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Conco monita ya mainchi 24 iri ndi masentimita 61 mopingasa, ndipo m'mimba mwake muli masentimita pafupifupi 53.

Nambala yaciwiri ndi imene azungu amati resolution. Cithunzi ciri conse pa sikirini cimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono towala, timene akatswiri amati mapikiseli. Mukaona polembedwa 1920 x 1080, ndiye kuti timadontho 1,920 tandandalika kucoka kumanzere kupita kumanja, ndipo mizere yotere iripo 1,080 kucoka pamwamba kufika pansi. Tonse pamodzi ndi timadontho 2,073,600. Sikirini ya 1366 x 768 iri ndi timadontho 1,049,088, pafupifupi theka cabe.

Mlimi adzamva msanga nkhaniyi. Tengani mbeu ya cimanga yokwanira lima imodzi. Mukaibzala pa lima imodziyo, mizere idzadzaza bwino ndipo munda udzatseka. Mukatenga mbeu yomweyo ndi kuimwaza pa hekitala yathunthu, imene ndi malima anai, munda wakula koma cimanga sicinaonjezeke. Pakati pa phando ndi phando padzakhala mipata yoti ng'ombe ipitepo. Sikirini iri cimodzimodzi. Mainchi ndiwo munda, timadontho ndiyo mbeu. Cofunika ndico kudziwa kuti pa inchi imodzi pali timadontho tingati.

Kwa munthu wokhala pa thebulo, sikirini iri patali ngati kutalika kwa mkono wake, timadontho 85 kufika 110 pa inchi ndito tiyenera. Tikacepa kwambiri, diso liyamba kuona kadontho kali konse pakokha ndipo zilembo zioneka zamanomano. Tikaculuka kwambiri, zilembo zimakhala zosalala koma zazing'ono ngati nyerere, kufikira mutazikuza.

Muyeso woti musunge

Dulani kagawo aka ndi kukaika m'thumba popita ku tauni. Awa ndi mamonita amene apezeka kawirikawiri m'mashopu a ku Kamwala, Town Centre, Chachacha Road ndi Freedom Way:

Mainchi 17, yooneka ngati ya makona anai ofanana: 1280 x 1024, timadontho 96 pa inchi. Ndi yaing'ono koma zilembo zake n'zoyera.

Mainchi 19, ya mtundu womwewo: 1280 x 1024, timadontho 86 pa inchi. Zilembo n'zokulirapo, yabwino kwa acikulire.

Mainchi 18.5, yotambalala: 1366 x 768, timadontho 85 pa inchi. Ioneka bwino koma ndi yaifupi, ionetsa mizere yocepa.

Mainchi 19, yotambalala: 1440 x 900, timadontho 89 pa inchi.

Mainchi 20: 1600 x 900, timadontho 92 pa inchi.

Mainchi 21.5 kapena 22: 1920 x 1080, timadontho pafupifupi 100 pa inchi.

Mainchi 24: 1920 x 1080, timadontho 92 pa inchi.

Mainchi 27: 2560 x 1440, timadontho 109 pa inchi. Ikakhala ya 1920 x 1080, timadontho titsika kufika 82, ndipo muyenera kukhala pataliko pang'ono.

Ngati mutifunsa kuti ofesi ya parishi, ya sukulu kapena ya kopaletivu igule iti, yankho lathu ndi monita ya mainchi 22 kapena 24 yokhala ndi 1920 x 1080, imene pa bokosi amailemba Full HD. Imakwana pa thebulo wamba, pafupifupi kompyuta iri yonse ya zaka khumi ndi zisanu zapitazi itha kuiyendetsa, ndipo mutha kutsegula makalata awiri mbali ndi mbali.

Ngati ndalama zacepa, musanyoze monita yakale ija ya mainchi 19 imene anyamata amaiseka kuti ndi ya makolo. Msinkhu wa galasi lake ndi masentimita 30, wofanana ndi wa monita yotambalala ya mainchi 24, ndiponso wofanana ndi kutalika kwa pepala la A4. Iri ndi mizere 1,024 ya timadontho pamene yotambalala ya mainchi 18.5 iri ndi 768 cabe. Pa nchito yolemba makalata ndi mndandanda wa maina, yakaleyo ndiyo ipambana, ngakhale kuti nthawi zambiri ndiyo yochipa.

Msampha wa TV

Tibwerere ku TV ya parishi ija. Ma TV ambiri ochipa a mainchi 32 ali ndi 1366 x 768. Amenewa ndi timadontho tofanana ndendende ndi ta laputopu wamba ya mainchi 15.6. Pa laputopu timakhala 100 pa inchi. Pa TV ija timakhala 49. Ndi mbeu ya lima imodzi ija itamwazidwa pa hekitala. TV sionetsa dzina ngakhale limodzi loonjezera kuposa laputopu. Ingokuza zomwezo ndi kuzimwaza.

Cenjerani ndi mau olembedwa pa katoni. HD Ready kapena HD cabe kawirikawiri atanthauza 1366 x 768. Wogulitsa angakuuzeni kuti TV ilandira 1080, ndipo sananame, popeza imalandiradi cithunzi cotere, koma imacifinya kuti cikwane pa timadontho take tocepa. Full HD ndiyo iri ndi 1920 x 1080 yeniyeni. Ngakhale imeneyo, pa mainchi 32 ipereka timadontho 69 cabe pa inchi, tocepabe kwa munthu wokhala pafupi.

Palinso bvuto lina. Ma TV ena amadula m'mphepete mwa cithunzi, mwakuti batani la Start ndi koloko ya pansi zimabisika. Ena amaonjezera mitundu ndi kunola cithunzi kuti mpira ndi mafilimu zikome, koma zimenezi zimaononga zilembo. Ngati mulibe cocita koma kugwiritsa nchito TV, funani mu menyu yake mau akuti PC Mode, Just Scan kapena Screen Fit.

Sitikuti TV ndi yoipa. Inapangidwira munthu wokhala pa mpando mamita awiri kapena atatu kucokera pamene iri. Mu holo ya parishi poonetsa mau a nyimbo, kapena pa msonkhano wa alimi poonetsa filimu ya kaphedwe ka ntchemberezandonda, TV yaikulu ndiyo ifunika, popeza patali diso siliona mipata ija. Koma khasu la m'munda sasemera mpini. Ciwiya ciri conse ciri ndi nchito yake.

Kuculukitsa nakonso n'kutaya ndalama

Ena akamva izi adzati tigule ya timadontho tambiri koposa. M'mashopu a ku Manda Hill, East Park ndi Levy muli masikirini a 4K, ndiko kuti 3840 x 2160, timadontho 8,294,400, kuwirikiza kanai Full HD. Ndi okongola zedi. Koma pa mainchi 27 apereka timadontho 163 pa inchi, ndipo anthu ambiri sangawerenge bwino zilembo zake popanda kuzikuza ndi theka. Mapulogalamu ena akale osungira maina ndi ndalama sakuzika bwino. Mabatani amapanikizana kapena zilembo zimacita cimbuuzi.

Cacikulu n'cakuti bokosi la salaula silingakwanitse kuyendetsa sikirini yotere. Makompyuta ambiri akale ali ndi potulukira pa VGA pokha, paja polowa nthambo ya mutu wa buluu wokhala ndi mano 15. Mtundu umenewu unayamba ndi kampani ya IBM mu 1987. Nthambo yabwino ya VGA itha kunyamula 1920 x 1080, koma 4K siingathe. Ngakhale HDMI ya mtundu wakale imanyamula 4K pa zithunzi 30 cabe pa sekondi m'malo mwa 60, ndipo kamuvi ka mausi kamayenda modumphadumpha. Mudzalipira mtengo wa ng'ombe ndi kukama mkaka wa mbuzi.

Sikirini ya 4K ndi ya wojambula mapulani a nyumba, wokonza mafilimu a ukwati kapena wosindikiza zikwangwani zazikulu, amenenso ali ndi kompyuta yamphamvu. Wolemba buku la mtulo saifuna.

Colakwa cimene ticita tonse

Pali cizolowezi cina cimene tinatengera ku mamonita akale a cimsana, aja olemera ngati thumba la simenti. Pa amenewo, munthu akafuna zilembo zazikulu anali kutsitsa resolution kufika 800 x 600, ndipo cithunzi cinali kuonekabe bwino. Masikirini opyapyala a masiku ano sali conco. Timadontho tao tinakhomedwa ku fakitale, sitisuntha. Monita ya 1920 x 1080 ioneka bwino pa 1920 x 1080 pokha. Mukaitsitsa, kompyuta imapaka kadontho kamodzi pa kadontho ndi theka, ndipo zonse zioneka ngati mwayang'ana kupyola mu utsi wa mbaula.

Tapeza mamonita abwino ambiri m'maofesi ndi m'tuntemba akuonetsa cimbuuzi pa cifukwa ici cokha, eni ake naganiza kuti anagula cakufa. Mankhwala ake safuna ndalama. Pa Windows 10 kapena 11, dinani batani la kumanja la mausi pa malo opanda kanthu, sankhani Display settings. Pa Display resolution sankhani nambala imene pambali pake palembedwa Recommended. Ndiyo nambala yobadwa nayo ya sikirini yanu. Kenaka pitani pa Scale ndi kusankha 125 kapena 150 peresenti. Zilembo zidzakula koma zidzakhalabe zakuthwa.

Mukakhala pa intaneti, gwirani batani la Ctrl ndi kudina cizindikiro ca kuonkhetsa. Mu Word ndi Excel muli kokokera pa kona ya pansi kumanja. Zonsezi zikuza zolemba popanda kuononga cithunzi.

Cizindikiro cina ca resolution yolakwika ndi cithunzi cotambasuka. Mukaika 1024 x 768 pa sikirini yotambalala, mpira uoneka ngati dzira ndipo munthu woonda aoneka wonenepa. Kwa mnyamata wokonza mapulogalamu a maliro iyi ndi ngozi. Iye adzafinya cithunzi ca malemu kuti cioneke bwino pa sikirini yake yonama, ndipo pa pepala cidzatuluka copotoka, acibale nalephera kuzindikira mbale wao.

Ngati nambala yoyenera siioneka konse pa mndandanda, kawirikawiri ndi cifukwa cakuti amene anaikamo Windows anaiwala pulogalamu yoyendetsa zithunzi, imene amati display driver. Bwererani kwa iye akamalize nchito. Ndipo ngati mugwiritsa nchito nthambo ya VGA, mangani tizomangira take tiwiri ndi kudina batani la Auto pa monita kuti cithunzi cikhazikike.

Nambala imodzi ikalakwika

Kwa alimi nkhaniyi ikhudza nkhokwe. Anthu ambiri a m'makomboni ali ndi minda ku Chongwe, Chibombo, Kafue, Chilanga ndi Shibuyunji, ndipo ndi mamembala a makopaletivu kumeneko. Mlembi wa kopaletivu amakhala ndi mndandanda wa maina, manambala a reji ndi manambala a foni. Nambala ya reji iri ndi manambala asanu ndi anai: asanu ndi imodzi kutsogolo, awiri pakati, imodzi kumapeto. Pa sikirini ya cimbuuzi 3 afanana ndi 8, 5 afanana ndi 6, ndipo 1 afanana ndi 7.

Nambala imodzi ikalakwika, kompyuta ya boma simdziwa mlimi ameneyo. Adzayenda maulendo kupita kwa alangizi a zaulimi ndi ku ofesi ya boma kukakonzetsa, mvula iri kugwa, anzake atathira kale feteleza wa pansi. Sitikuti zolakwa zonse zotere zicokera ku sikirini. Zina zicokera ku liwiro, zina ku kalembedwe koipa pa pepala. Koma maso otopa ndiwo khomo lalikulu lolowera zolakwa.

Resolution yoyenera ithandizanso mwa njira ina. Mu Excel mzere umodzi umadya timadontho 20. Sikirini ya 1080 iposa ya 768 ndi timadontho 312, ndiko kuti maina 15 oonjezera ooneka nthawi imodzi. M'mimba mwake namonso mutha kuona dzina, reji, foni, mudzi ndi ndalama zonse pamodzi popanda kukankhira uku ndi uku. Pamene munthu akankhira kumanja dzina nabisika, m'pamene ndalama ya a Phiri imalembedwa pa dzina la a Banda. Msungacuma wa mpingo aidziwa bwino milandu imene imabuka pamenepo.

Kumbukirani malaiti

Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo makomboni ambiri anali kukhala maola 17 kapena kuposa apo opanda malaiti. Zinacitikanso, mocepako, mu 2015 ndi 2019. Maparishi ndi eni tuntemba ambiri anagula sola, batire ndi inveta. Kwa iwo, mawati ali onse awerengedwa.

Monita ya cimsana ya mainchi 17 imadya mawati 70 kapena kuposa. Yopyapyala ya LED ya mainchi 22 imadya pafupifupi 20. TV ya mainchi 32 imadya kawiri kapena kuposa apo. Sikirini ikakula, batire lithanso msanga. Kutsitsa kuwala kwa sikirini kufika pakati kupulumutsa batire ndi maso omwe, popeza mamonita ambiri amabwera atawalitsidwa kuti akope anthu m'shopu.

Ngati wina akupatsani monita ya cimsana kwaulere, ganizani kawiri. Ndipo imene inafa musaiphwanye kapena kuitaya m'ngalande kumene ana asewera, cifukwa galasi lake liri ndi mtovu, umene ndi poizoni.

Pa tsiku logula

Safunsa anadya phula. Musapite ku tauni wapampando ndi msungacuma okha. Tengani munthu amene adzakhala pa sikiriniyo, abwere ndi magalasi ake ngati amabvala.

Yambani mwayang'ana kumbuyo kwa bokosi la kompyuta yanu kuti mudziwe ngati liri ndi VGA, DVI, HDMI kapena DisplayPort. Jambulani ndi foni. Monita iyenera kukhala ndi polowera pofanana, apo ayi mudzagulanso kolumikizira.

M'shopu funsani resolution, osati mainchi okha. Wogulitsa akapanda kudziwa, onani kapepala komatidwa kumbuyo kwa monita. Pali nambala ya mtundu wake. Ilembeni pa Google pa foni, ndipo mudzaona zoona zake mu mphindi imodzi.

Uzani wogulitsa ailumikize muli pomwepo. Onani ngati nambala yolembedwa Recommended ndi imene wakuuzani. Tsegulani tsamba loyera lokhalokha, kenaka lakuda, kuti muone timadontho takufa, mizere kapena mabanga. Mamonita okalamba amacita cikasu kapena mdima m'makona. Lembani manambala a reji angapo ndi zilembo zazing'ono, ndipo amene adzaigwiritsa nchito awerenge atakhala patali ngati mkono wake.

Tengani lisiti yolembedwa mtundu ndi nambala ya monita, ndi masiku amene mungaibweze. Lamulo loteteza ogula la mu 2010 liletsa mashopu kupacika zikwangwani zokana kubweza katundu woonongeka, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission ndilo lilandira madandaulo otere.

Dziwaninso kuti monita yabwino ikhalitsa kuposa bokosi. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mu October 2025, ndipo mabokosi ambiri akale sangathe kunyamula Windows 11. Tsiku lina mudzasintha bokosi, koma monita ya 1920 x 1080 idzagwirabe nchito ndi latsopanolo. Ndalama yoikidwa pa monita yoyenera siitayika.

Maso alibe sipeya

Munthu akafika zaka 40 kapena kupitirira, diso liyamba kubvutika kuona zapafupi. Si matenda kapena ufiti, ndi ukulu. Ambiri mwa alembi, makatekisti, asungacuma ndi atsogoleri a makopaletivu ali mu msinkhu umenewu. Sikirini yaikulu siicotsa bvuto limeneli. Cimene cithandiza ndi magalasi oyenera, zilembo zokuzidwa mwa njira imene tafotokoza, ndi kakhalidwe kabwino pa thebulo.

Ikani sikirini masentimita 50 kufika 70 kucokera ku maso, m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso kapena mutsikeko pang'ono. Isayang'anizane ndi windo, kuopa kunyezimira. Pukutani fumbi ndi kansalu kofewa, makamaka miyezi ya August kufika October pamene mphepo ya Lusaka inyamula dothi. Pakapita mphindi 20 ziri zonse, yang'anani cinthu cakutali kwa masekondi 20. Ngati mutu upitiriza kuwawa kapena zilembo zioneka ziwiriziwiri, pitani ku cipatala ca kwanu ku Kanyama, Matero kapena Chawama, kapena ku cipatala ca maso ca UTH, akakupimeni.

Abale ndi alongo, ndalama zimene mpingo kapena kopaletivu igulira kompyuta si za munthu mmodzi. Muli kandalama ka mai wogulitsa tomato ku Soweto, muli ka mkulu wophwanya miyala m'mbali mwa mseu. Amene atumidwa kukagula ayenera kubwera ndi cinthu cimene cidzagwira nchito, osati cimene cidzaombetsa m'manja pa tsiku loyamba lokha.

Parishi ija inagula pambuyo pake monita ya salaula ya mainchi 22. Mnyamata wa kwaya anaika resolution pa nambala yake ndi kukuza zilembo kufika 125 peresenti. Alembi anapitiriza kulemba, ndipo buku loyamba la ubatizo latha. Inunso mukapita kukagula, wogulitsa akakuuzani mainchi, mufunseni kuti: nanga timadontho ndi tingati?